Kalata kwa Nduna ya Zaumoyo: tiuzeni zomwe zikupezeka m'madzi athu

Olemekezeka a Nduna,

Ndine namwino wopuma pantchito, ndimakhala ku Zingwangwa kuno ku Blantyre. Mundikhululukire polemba poyera chonchi, nkhaniyi si yanga ndekha.

Mwa ana onse omwe anadutsa m'manja mwanga, sindiiwala kamnyamata kena ka sitandade 4. Kanafika katatentha thupi masabata awiri, mimba itauma gwa ngati thabwa. Mayi ake anali atakamwetsa mankhwala a malungo a pagolosale mpaka ndalama zinatha. Atakang'amba ku fiyeta anapeza thumbo litabooka: tayifodi. Madokotala anasoka, koma ntchito yaitali inatsalira ife ku wodi. Kutsuka bala la mafinya m'mawa ndi madzulo, kuyang'anira dilipi, kuyeza kutentha usiku onse, kuwaletsa mofatsa mayi aja pamene ankafuna kukamwetsa phala nthawi isanakwane. Kanachira. Anzake ena tinawatulutsa atafunditsidwa nsalu kumutu.

Thumbo limenelo linayamba kuola kutali ndi chipatala, tsiku lomwe mwanayo anamwa madzi kapena kudya chakudya chomwe chinakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Aliyense amene anaima m'mbali mwa mtsinje wa Mudi, Naperi kapena Nasolo mvula yoyamba itagwa akudziwa zomwe zimayenda m'menemo, ndipo kumunsi kwake amayi akuchapa, ana akusambira.

Ochita kafukufuku kuno ndiwo anatitsegula maso. Poyeza magazi a odwala ku chipatala chachikulu cha Gulupu, anaonetsa kuti kuyambira cha mu 2011 tayifodi inakwera kwambiri, ndipo inali ya mtundu wosamva mankhwala omwe tinawazolowera. Mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi kuno ku Zingwangwa analowa mu kafukufuku wa katemera watsopano. Makolo awo anasaina, ena anadinda chala, asakudziwa ngati zidzathandiza. Katemerayo anachepetsa matendawa ndi magawo pafupifupi 8 mwa 10, ndipo mu 2023 boma linamupereka kwa ana m'dziko lonse. Ndimanyadira zimenezi, ndipo sindichita manyazi kutero.

Ndawaonanso achinyamata ovala majombo ndi magolovesi akutunga madzi a mumtsinje m'timabotolo, kukayeza tizirombo ku labotale. Ntchito imeneyi imatha kuchenjeza mzinda odwala asanadzaze mabedi. Pempho langa lagona pamenepa, a Nduna. Kuyeza madziku kukhale ndi ndalama yakeyake mu bajeti ya boma, kusamadikire abwenzi akunja okha, chifukwa thandizo lawo lili ndi tsiku lothera pomwe zimbudzi zosefukira zilibe. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anatenga anthu oposa 1,700, kenako namondwe Freddy anakokolola nyumba ndi zimbudzi ku Chilobwe. Sitingabwererenso kumangomva za mliri maliro atayamba.

Ndipo zotsatirazo zizibwerera kwa eni madzi. Zilembedwe m'Chichewa, zimatidwe pa zipatala zazing'ono, alangizi a zaumoyo azinyamula popita kusikelo, amfumu azimve pabwalo. Mayi akauzidwa kuti chitsime chakuti mwezi uno chapezeka ndi tizirombo, athira kolorini popanda womukakamiza.

Chomaliza ndi ana athu ophunzira unamwino ku yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS) ndi m'makoleji ena. Namwino ndiye woyamba kuona kuti sabata ino ana atatu otentha thupi achokera dera limodzi, ndiye amaonanso bala la opaleshoni likayamba kufiira. Aphunzitsidwe kulemba zimenezi mwadongosolo, kuwerenga kafukufuku, ndi kufunsa mafunso awoawo, asamangotola magazi a kafukufuku wa ena. Ife tinkaziona zonsezi n'kuzisunga m'mutu, tinapita nazo kunyumba tsiku lopuma ntchito.

Mukadzabwera ku Blantyre, musathere ku msonkhano wa kuhotela. Dzaimeni pa mlatho wa Mudi pafupi ndi msika, ndipo mutenge ophunzira unamwino angapo.

Ine wanu,
Namwino wopuma pantchito, Zingwangwa