Dandaulo pa mataulo a chamois amene akumatuka ndi kusiya utoto pa galimoto

Kwa Mkulu Woona za Madandaulo a Makasitomala,

Bwana,

Tikulemba kudandaula za katoni ya mataulo 24 a chamois yopanga (nsalu yosalala yonga chikopa chofewa), a mtundu wa PVA (pulasitiki yofewa yomwa madzi ngati siponji), a masentimita 66 m'litali ndi 43 m'lifupi, amene tinagula kwa inu kuti tizipukutira magalimoto tikatha kutsuka. Mwa mataulo 10 amene tatsegula, 7 awonongeka asanathe milungu itatu. Otsala 14 sitinawakhudze, akadali m'machubu awo. Nambala yodindidwa pansi pa machubu onsewa, yosonyeza gulu limene mataulowa anapangidwira m'fakitale, ndi imodzi, ndipo tailemba kuseri kwa lisiti limene taphatika pa kalatayi. Taimba foni kawiri, kawiri konse tinauzidwa kuti wina atiimbira, koma mpaka lero zii.

Tikudziwa yankho limene limafulumira kubwera pa dandaulo lotere, lakuti wogula ndiye sanatsate malangizo. N'chifukwa chake tiyamba ndi kufotokoza mmene mataulowa agwirira ntchito m'manja mwathu, kuti mudzionere nokha ngati pali pamene talakwitsa.

Thaulo latsopano timayamba taliviika m'madzi ofunda pang'ono, osati otentha, ndi kulitsukuluza kangapo kuti mankhwala amene amalisunga lonyowa m'chubu achoke. PVA imamwa madzi ikakhala yonyowa kale. Ikauma imalimba gwa ngati katoni, ndipo woipinda ili choncho amaithyola. Choncho thaulo silifika pa galimoto lisanafewe ndi kufinyidwa. Galimoto nayo timaitsukira pamthunzi, chitsulo chitazizira. Potsukuluza komaliza timachotsa kamutu ka paipi kuti madzi aziyenda mwakachetechete kuchokera padenga. Akamatsika chonchi amakokana okha, ndipo otsalira amakhala ochepa. Kenako timayala thaulo lonse padenga, kuligwira ngodya ziwiri, n'kulikoka pang'onopang'ono kubwera kumene taima, osatsindika. Likakhuta timalipinda panayi ndi kulifinya pokanikiza, osalipotokola ngati chovala. Timatsika motere: denga, magalasi, boneti, buti, kenako zitseko mpaka pakati. M'munsi mwa zitseko, mabampala, malimu ndi m'mphepete mwa zitseko muli nsalu yakeyake, chifukwa m'menemo ndi mmene mchenga umabisala. Thaulo likagwa pansi silibwereranso pa penti lisanachapidwe. Madzulo timalichapa ndi sopo wofatsa, kulitsukuluza mpaka thovu lithe, kulifinya, kulikulunga ndi kulibwezera m'chubu lili lachinyezi. Bulichi ndi mankhwala ofewetsa zovala sitiyandikiza n'komwe.

Thaulo labwino la PVA losamalidwa chonchi limatha miyezi yambiri. Anuwa ayi.

Vuto lalikulu ndi kumatuka. Thaulo la mtundu uwu lili ndi kaukonde pakati kolilimbitsa, ndipo PVA imakuta kaukondeko mbali zonse ziwiri. Pa mataulo asanu, mbali ziwirizi zayamba kulekana, kuyambira pangodya zogwirapo. Poyamba pamatuluka kachithuza ngati ka pachala, kenako kamang'ambika, ulusi wa kaukonde n'kutulukira. Ulusi umenewu ndi wouma, ukaupitsa pachikhatho umamveka kukanda. Pa boneti yakuda wasiya timizere towongoka tosaoneka pamthunzi, koma galimoto ikangotuluka padzuwa timaonekera tonse. Musaone ngati n'zazing'ono. Penti yowala ya pamwamba, imene opopera penti amati clear coat, nthawi zambiri imakhala ya mamaikuloni 40 mpaka 50, yopyapyala kuposa tsitsi limodzi la munthu. Kuchotsa timizereto kumafuna polishi, ndipo polishi amadya pang'ono pa clear coat imeneyi. Imene yadyedwayo sibwereranso.

Lachiwiri ndi utoto. Thaulo latsopano kutulutsa utoto pang'ono pa kutsukuluza koyamba si zachilendo. Koma awa, pa kutsukuluza kwachisanu madzi a m'ndowa amakhala adakali abuluu. Pa galimoto yoyera utoto umatsalira m'mizere ya pakati pa chitseko ndi chinzake, kuzungulira zogwirira zitseko ndiponso pansi pa magalasi a m'mbali, mmene madzi amachedwa kuuma. Tikachedwa kuuona timayenera kutsukanso galimoto yonse.

Lachitatu ndi limene likutipangitsa kukayikira kuti gulu lonseli linatuluka m'fakitale lisanapse bwino. Mataulo awiri akamanyowa amaterera ngati apakidwa sopo, ndipo pagalasi amasiya tinyenyeswa ndi kankhungu koyererako. PVA payokha imasungunuka m'madzi. Kuti isanduke siponji yosasungunuka, popanga amaiphatikiza ndi mankhwala otchedwa formaldehyde pamodzi ndi asidi, kenako n'kuitsuka kwambiri. Gawo limeneli likapanda kutha bwino, zotsatira zake zimafanana ndi zimene tikuonazi: pamwamba poterera, pofumbutuka, posagwira kaukonde. Ife sitili ndi zipangizo zoyezera, inu muli nazo. Chimene tayesa n'chapafupi. Tinathira theka la lita ya madzi pagalasi loyala, n'kukokapo thaulo lanu kamodzi. Linasiya madzi m'mizeremizere. Thaulo lakale la PVA la msinkhu womwewo, limene lagwira ntchito miyezi ingapo, linasiya galasi louma pa kukoka kumodzi komweko. Madzi otsalira si nkhani ya maonekedwe chabe. Dontho likauma limasiya calcium ndi magnesium amene anali m'madzimo, ndipo pa chitsulo chotentha kamphete koyera kameneka kamakanirira mpaka kulowerera mu penti. Cholinga chonse chopukutira galimoto ndi kupewa zimenezi.

Machubu nawo ali ndi vuto lake. Zivindikiro zinayi n'zosweka m'mphepete, ndipo mataulo a m'menemo anafika atauma mbali imodzi. Limodzi linali ndi madontho akuda a chuku ndi fungo la chinyontho tisanaligwiritse ntchito n'komwe.

Tsopano za malangizo osindikizidwa pa chubu, amene kwa ife akudetsa nkhawa kuposa mataulo enieniwo, chifukwa adzapitirira kuwononga magalimoto a anthu ngakhale mutakonza gulu lotsatira. Mwalemba kuti wopukuta azizunguliza thaulo pa penti mpaka paume. Ayi ndithu. Chamois yopanga ilibe ubweya. Nsalu ya microfibre ili ndi tiubweya timene kamchenga kangalowemo n'kubisala. Chamois ndi yosalala, ndiye kamchenga kalikonse kotsalira kamakhala pakati pa thaulo ndi penti, ndipo dzanja likamazunguliza limakhala likukhula penti ndi mchengawo. Kukhula kotere ndi limodzi mwa magwero a timizere tozungulira tija tooneka ngati ukonde wa kangaude pa galimoto zakuda. Njira yoyenera ndi kuyala ndi kukoka mowongoka, kapena kuyala, kugunda pang'ono ndi chikhatho, n'kunyamula.

Mwalembanso kuti thaulo likhoza kuchapidwa m'madzi otentha ndi kuumitsidwa m'makina. Kutentha kumafooketsa PVA, kumaikwinyitsa ndi kuipinda kosawongokanso. Ndipo ngati liyenera kuumitsidwa m'makina, chubu chotsekera chinyezicho n'chachiyani? Malangizo awiriwa akutsutsana pa chubu chimodzi. Chimene munayenera kulemba ndi chakuti thaulo logwiritsidwa ntchito kawirikawiri lisungidwe loyera ndi lachinyezi m'chubu, koma loti likhalitsa osagwira ntchito liyanikidwe pamthunzi mpaka liume, ndipo lidzaviikidwe kaye lisanapindidwe. Za kuviika thaulo latsopano musanayambe kuligwiritsa ntchito palibe ndi liwu limodzi lomwe. Pamwamba pa zonsezi pali zilembo zikuluzikulu zakuti silikanda penti. Palibe thaulo lililonse limene lingalonjeze zimenezo pa galimoto yosatsukidwa bwino, ndipo lanuli likukanda ngakhale yotsukidwa bwino.

Pempho lathu ndi ili. Mutenge katoni yonse, otsegula ndi osatsegula omwe, ndipo mutibwezere ndalama zathu kapena mutipatse mataulo 24 a gulu lina. Ngati musankha kutisinthira, titumizireni awiri kaye tiwayese tisanalandire otsalawo. Mataulo owonongekawa tawasunga lililonse m'thumba lake, ndipo talembapo tsiku limene linatsegulidwa ndi vuto lake, kuti amisiri anu asavutike. Zithunzi za boneti yokandikayo, za madzi abuluu a m'ndowa ndi za zivindikiro zosweka taziphatika pamodzi ndi lisiti. Tikufunanso mutiuze molemba ngati gulu limeneli muliimitsa kugulitsa, ndiponso ngati malangizo a pa chubu akonzedwa.

Tikuyembekezera yankho lolembedwa pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku limene mulandire kalatayi. Mutiuzenso dzina la amene akuyendetsa nkhaniyi, kuti tisamayambirenso kufotokoza pachiyambi nthawi iliyonse tikaimba.

Ine wanu,

Woyang'anira malo otsukira magalimoto