Ubweya wa m'makatoniwo musautaye

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tonse tikudzuka bwino.

M'kalata yanu mwafunsa za ubweya uja umabwera m'makatoni a zakudya zozizira, uja amayala m'mbali mwa katoni kuti nyama ndi mkaka zisatenthe panjira. Mwati wadzadza kale kabati ndipo alamu akufuna kuutaya. Auzeni adikire kaye, dimba lanu likuufuna.

Koma poyamba tsimikizani kuti ndi ubweya wa nkhosa weniweni, chifukwa si makampani onse amene amaika ubweya. Ena amaika thonje lochokera ku zovala zakale, ena ulusi wa pulasitiki wongofanana nawo maonekedwe. Thothanipo kachidutswa mukakayatse panja ndi machesi. Ubweya weniweni umanunkha tsitsi lopserera, sugwira moto msanga, umazima wokha, ndipo umasiya kakhala kakuda kofumbutuka mukakafinya ndi zala. Wa pulasitiki umasungunuka n'kusanduka kamkanda kolimba. Umenewo usafike m'nthaka yanu, suwola. Mukatsimikiza, ng'ambani chipepala cha pulasitiki chimene amakutira ubweyawo, mutsale ndi chinsalu chokhuthala chija. Timapaketi toziziritsa tija si ta m'dimba ayi.

Phindu lalikulu, kwa ine, ndi madzi. Ubweya umatha kumwa chinyezi chofika pafupifupi 30 peresenti ya kulemera kwake koma osamveka kunyowa ukaugwira, ndiye ukauyala pansi pa mbewu dzuwa silifika panthaka, chinyontho chimakhalitsa, udzu nawo umasowa pomerera. Mumathirira mochepa, kupalira nako kumachepa. Chokhacho, ubweya wouma umayamba wakana madzi. Mukathira mudzaona timadontho tikungoima pamwamba n'kutsetserekera kumbali, pansi pali gwaa. Choncho uviikeni kaye m'ndowa, muukanyekanye mpaka ulemere, ndipo nthakayo ikhale yothirira kale musanayale. Dulani chidutswa chachikulu ngati mbale, muchicheke kuchokera m'mphepete kufika pakati, muchivalitse mbewuyo kuzungulira tsinde. Siyani mpata wa zala ziwiri pakati pa ubweya ndi tsinde, apo ayi tsinde limakhala lonyowa usana ndi usiku n'kuyamba kuwola. Pamwamba ikanipo timiyala kapena dothi pang'ono. Ukauma ndi wopepuka, mphepo ingaunyamule mukaupeze pa mpanda wa aneba.

M'miphika ya maluwa ndiye umachita bwino koposa, poti dothi la mumphika limauma msanga. Yalani kachidutswa pansi pa mphika musanathire dothi: dothi silituluka pabowo, madzi otsala amadutsa, ena amasungika kuti mizu iziyamwa. Madengu opachika aja mutha kuwayala ubweya mkati monse m'malo mogula zoyalira.

Za chakudya cha mbewu musayembekezere zamsanga. Ubweya ndi keratin, chinthu chomwecho chimene chimapanga tsitsi, zikhadabo ndi nthenga. Wotsuka bwino uli ndi nayitirojeni pafupifupi 16 peresenti ndi salifa 3 kapena 4 peresenti. Nayitirojeni ameneyu ndi wambiri ndithu, kungoti ndi womangika zolimba, ndipo amatuluka pang'onopang'ono tizilombo ta m'nthaka tikamaugaya ubweyawo. Zimatenga miyezi, kumalo kozizira kapena kouma ngakhale kupitirira chaka. Mbewu imene masamba achita chikasu lero siingachire ndi ubweya, imeneyo ipatseni manyowa okupsa. Ubweya ndi wa nyengo ikubwerayo.

Si nzeru yatsopano iyi. Ku Yorkshire, m'dziko la England, alimi a mbewu yotchedwa rhubarb a pakati pa matauni a Wakefield, Morley ndi Rothwell akhala akuthira m'minda yawo zinyenyeswa za ubweya zotsala ku mafakitale a nsalu a m'deralo kuyambira zaka za m'ma 1800. Fakitale inkaona zinyalala, mlimi n'kuona manyowa. Ndimazikonda nkhani zotere, mukundidziwa.

Ukatha ntchito pamwamba pa nthaka, utada n'kuyamba kuthothoka, uponyeni pa mulu wa kompositi. Koma musauponye chinsalu chathunthu, mudzachipeza chili chomwecho manyowa ena onse atapsa. Ung'ambeni tizidutswa tating'ono, muusakanize ndi masamba ouma ndi makoko a kukhitchini, muluwo uzikhala wachinyezi. Njira ina ndi kuukwirira pansi pa dzenje pamene mukuoka mbande za mbewu zokonda chakudya ndi madzi ambiri, monga maungu.

Tsono nkhono. Mwalemba kuti anzanu akuuzani kuti nkhono, makamaka zopanda chigoba zija, sizidutsa pa ubweya poti umaziyabwa ndi kuziumitsa thupi. Anthu ambiri amanena zimenezi, ogulitsa timibulu ta ubweya ndiye amazinena mokweza. Ine sindikukulimbikitsani. M'chaka cha 2018 bungwe loona za ulimi wa m'madimba la Royal Horticultural Society la ku Britain lidayesa njira zisanu zotchingira nkhono pa letesi: timibulu ta ubweya, zigoba za mazira, tepi ya kopa, timiyala tokhakhala ndi makungwa a paini. Palibe njira imene idachepetsa kudyedwa kwa masamba poyerekeza ndi letesi wosatchingira. Ubweya ukanyowa umagona n'kusalala, nkhono imangoyendapo bwinobwino, ndipo kunsi kwake, kozizira ndi konyowa, n'kumene imakonda kubisala masana. Izi mutha kuzisandutsa msampha: m'mawa tukulani ubweyawo, mutole zimene zagona pansipo. Koma kunena kuti muyale ubweya n'kukagona mtima uli m'malo, mbande zanu zidzatha.

Poti kwanuko kumagwa chisanu, sunganiko zidutswa zina zouma. Usiku umene kukuoneka kuti kuzizira kwambiri, fundikani mbande kapena kukulunga miphika, m'mawa n'kuchotsa kuti mbewu zione dzuwa. Ntchito yake ndi yomweyo ya m'katoni muja, kuletsa kutentha kudutsa, kungoti tsopano ukusunga kufunda m'kati. Wonyowa sufunditsa bwino, ndiye wa ntchito imeneyi usakhalire pamvula. Pousunga, utsekereni m'thumba kutali ndi zovala, chifukwa njenjete zimadya ubweya ndipo zikayambira pamenepo zidzafika ku majuzi a ana.

Chinanso: chidutswa chimene chadonthera madzi a nyama kapena a nsomba musachiyale pafupi ndi masamba odya osaphika. Chimenecho chikwirireni mozama pansi pa mtengo kapena pa maluwa, agalu ndi makoswe asachifukule. Mbalame nazo zidzabwera kudzazula ubweya wokamangira zisa. Zisiyeni, sizingaumalize, bola pasakhale ulusi wautali kapena zotsalira za pulasitiki zoti zingazikole miyendo.

Ngati wachuluka kuposa dimba lanu, funsani kampani imene imakutumizirani zakudyazo ngati imalandiranso zoyalira zake, chifukwa ena amatero. Apo ayi gawirani anzanu olima.

Mundilembere mundiuze zimene mwadzala chaka chino, ndipo chithunzi cha miphika ija mudalonjeza ndikuchidikirabe. Mupereke moni kwa alamu, ana muwauze kuti azakhali awo akuwasowa.

Ndine mnzanu wakalekale.