Lipoti la msonkhano wa ku Johannesburg wokambirana za kaphunzitsidwe ka mbiri ya tsankho la ku South Africa

A Wapampando ndi aphunzitsi anzanga, ndabwerako ku msonkhano wa masiku atatu umene munandituma, ndipo ndikuthokoza chifukwa cha chikhulupiriro chanu.

Tsiku loyamba anatitengera ku Apartheid Museum. Kumeneko tikiti ya munthu aliyense imalembedwa mongosankha kuti ndi mzungu kapena si mzungu, ndipo amalowera pachipata chimene tikitiyo yamuuza. Yanga inandiponya kwa azungu, pamene mphunzitsi wa ku Zambia amene ndinkayenda naye analowera kwinako. Tonse tinkadziwa kuti ndi chionetsero chabe, koma palibe anaseka.

Mfundo imene inatenga nthawi yaitali m'zokambirana, imenenso ndikugwirizana nayo kwathunthu, ndi yakuti timaphunzitsa nkhondo yolimbana ndi tsankho ngati inamenyedwa ndi Nelson Mandela yekha. Ophunzira athu amadziwa zaka 27 zimene anakhala m'ndende, koma ndi ochepa amene anamvapo za amayi pafupifupi 20,000 amene pa 9 Ogasiti 1956 anaguba kupita ku Union Buildings, likulu la boma ku Pretoria, kukakana lamulo lowakakamiza kuyenda ndi zitupa. Powatsogolera panali Lilian Ngoyi, Helen Joseph, Rahima Moosa ndi Sophia Williams, amayi a mitundu inayi imene boma linkafuna kuti isayendere limodzi. Atapeza kuti nduna yaikulu J.G. Strijdom palibe, anasiya makalata awo a madandaulo ku ofesi yake, kenako anaimirira chete kwa theka la ola, ena ali ndi ana kumbuyo. Nkhani ya zitupa yomweyi ndiyo inaphetsa anthu 69 ku Sharpeville pa 21 Malichi 1960, pa zionetsero zimene anakonza Robert Sobukwe ndi chipani cha PAC.

Manyazi anandigwira pamene mphunzitsi wina wa ku Cape Town, atamva kuti ndachokera ku Malawi, anayamba kufotokoza za Clements Kadalie bwino kuposa mmene ine ndikanafotokozera. Kadalie anabadwira ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, anaphunzira ku Livingstonia, ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe lomenyera ufulu wa apantchito la ICU pakati pa anthu ogwira ntchito padoko la Cape Town, limene linakula mpaka kufika kumafamu. Anandifunsanso za ubale umene boma la Dr. Banda linakhazikitsa ndi boma la tsankho mu 1967, ndipo sindinabise kuti ambiri a ife nkhaniyi timailambalala m'kalasi.

Choncho ndikupempha komiti kuti isankhe aphunzitsi atatu oti alembe maphunziro awiri, limodzi la amayi a 1956 ndi lina la Kadalie, asanatsegulire teremu ikubwerayi. Malisiti a ndalama zaulendo ndawapereka kale kwa msungichuma, pamodzi ndi zithunzi zimene ndinajambula kuti zidzathandize olembawo.