Lipoti la ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe

Wapampando, mafumu athu, amayi ndi abambo a komiti ya chitukuko,

Munandituma ku msonkhano wa masiku atatu wokambirana momwe aphungu amafunsira boma mafunso, ndipo ndayenda bwino. Tsiku loyamba linali la malonje ndi mbiri ya nyumbayi. Tsiku lomaliza tinakambirana za bajeti, ndipo mapepala ake ndawasiya kwa alembi athu.

Chomwe chinandigwira mtima ndi tsiku lachiwiri, pomwe anatitengera m'nyumba yeniyeniyo, ija inatsegulidwa mu 2010 itamangidwa ndi thandizo la dziko la China. Tinakhala m'mipando ya alendo, m'mwamba. Sipikala polowa, patsogolo pake panali wonyamula ndodo yaulemu paphewa, aliyense chilili. Kenako inakwana nthawi ya mafunso. Apa ndi pomwe ndinatsegukira maso. Phungu sangodzuka n'kufunsa ayi. Funso amalilemba kale n'kulipereka ku ofesi ya nyumbayi, limapita ku unduna, ndiye nduna imabwera ndi yankho lokonzedwa ndi akuluakulu a ku Capital Hill. Ndinaona nduna ina ikuwerenga yankho lake chala chili pa pepala, n'kumalizira kuti ntchitoyo ichitika ndalama zikapezeka. Isanakhale n'komwe pansi, aphungu angapo anali ataimirira kale kufuna funso lowonjezera. Limeneli ndiye lilibe pepala, ndipo ndi pomwe umadziwira ngati nduna ikuidziwa ntchito yake. Mawu onse amalembedwa m'buku lotchedwa Hansard, moti nduna singadzakane mawa kuti sinalonjeze.

Ngakhale mtsogoleri wa dziko amafunsidwa. Gawo 89 la malamulo oyendetsera dziko lino limalola aphungu kumuitana kuti adzayankhe, ndipo a Lazarus Chakwera anapitadi mu Seputembala 2020, patadutsa zaka zambiri chichitireni zimenezi a Bakili Muluzi. Palinso komiti ya aphungu yoona za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma (Public Accounts Committee, PAC), yomwe imaitana alembi akuluakulu a maunduna kuti afotokoze za ndalama zomwe mkulu wofufuza mabuku a ndalama za boma (Auditor General) wapeza kuti sizinayende bwino.

Tsono ndikufunseni, abale anga: pa mafunso onse amafunsidwa kumeneko, la mlatho wathu lili kuti? Dzinja lililonse ana athu amajomba kusukulu mtsinje ukadzadza, amayi oyembekezera timawaolotsa pamachira. Ife tikakumana ndi phungu timapempha bokosi la maliro, mpira wa anyamata, thiransipoti. Sitinamupatsepo funso lolemba ngakhale limodzi. Pamenepa mlandu ndi wathunso, ndipo ine ndikuti tisinthe.

Anzathu ambiri pamsonkhanopo anagwirizana zoti magulu ngati lathu azingolembera makalata ku khonsolo. Ine ndinakana poyera. Ku khonsolo tinalemberako kale kawiri, yankho lake ndani analiona? Ndinadandaulanso za chiyankhulo. Gawo 51 limafuna kuti phungu azidziwa kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi, ndipo zokambirana zimayenda m'Chingerezi chomwecho. Agogo amene anaima pamzere kuyambira m'bandakucha kuti avote, akatsegula wayilesi amva chiyani? Komanso gawo 64, lomwe linkatipatsa mphamvu zochotsa phungu wosagwira ntchito, aphungu analichotsa mu 1995. Ndiye chida chomwe tatsala nacho pakati pa zisankho ndi funso basi.

Ndisabise, zandipweteka kumva kuti ena akunena kuti ndinapita ku Lilongwe kukadya alawansi. Ndalama yomwe munandipatsa inathera pa minibasi ndi pogona, malisiti onse ali kwa asungichuma, aliyense akhoza kukawaona. Koma ngati tayamba kuwerengana chonchi, tiwerengenso ndalama zomwe tinasonkha chaka chatha zokonzera mjigo wa pasukulu. Mpaka lero mjigowo sukutulutsa madzi, lipoti lake sitinalimve. Tingafunse bwanji nduna ife tikulephera kufunsana tokha pansi pa mtengo?

Pempho langa ndi lakuti pamsonkhano wa mwezi uno tisankhe anthu atatu oti alembe funso la mlatho: unakokoloka liti, ndi midzi ingati yomwe imadalira njirayo, ndipo unduna uuika mu bajeti ya chaka chiti. Mafumu asayinire, kenako tikapereke kwa aphungu athu pamanja nyumbayi isanakumanenso. Ine ndadzipereka kukhala mmodzi mwa atatuwo, ndipo fomu yachitsanzo ndabwera nayo.