Lipoti la maphunziro a makwaya pa nyimbo zakale za Misa ya Chilatini

A Tcheyamani, a Kwayamasitala ndi anzanga nonse a mu kwaya, zikomo ponditumiza. Ndabwerako bwino.

Maphunziro onse anali a nyimbo za Misa zimene anapeka ku Ulaya m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500. Zigawo zake ndi zomwe timaimba ife Lamulungu lililonse, kungoti ndi za m'Chilatini: Kyrie, Gloria (Ulemu), Credo, Sanctus ndi Agnus Dei. Chachilendo ndi kaimbidwe. Kwathu kuno sopulano ndiye amanyamula nyimbo, enafe n'kumangomuthira mchere. M'nyimbo zimenezi liwu lililonse lili ndi njira yakeyake. Tena amayamba, aluto n'kulowa pambuyo ndi mawu omwewo, besi n'kudzawapeza kutsogolo, ndipo tinkaimba popanda ng'oma kapena kiyibodi. Tsiku loyamba ine ndinalowa msanga kawiri konse, mpaka mayi amene ndinaima nawo pafupi anachita kundigwira mkono. Munthu wozolowera kubisala kumbuyo kwa mnzake ulesi wake umaonekera poyera.

Tinakhalitsa pa Giovanni Pierluigi da Palestrina wa ku Roma, amene anamwalira mu 1594 atapeka nyimbo za Misa zopitirira 100. Tinamvetsera Missa Papae Marcelli, ya mawu 6 (magulu 6 a oimba), yosindikizidwa mu 1567 ndipo yotchedwa dzina la Papa Marcellus II, amene anakhala pampando masabata atatu okha mu 1555. Nthawi imeneyo akuluakulu a Mpingo, pa msonkhano wa ku Trent (1545 mpaka 1563), ankadandaula kuti mawu a pemphero akusokonekera m'nyimbo. Anthu amati Misa imeneyi ndiyo inapulumutsa kaimbidweka kuti kasaletsedwe, koma aphunzitsi athu anati imeneyo ndi nthano chabe. Zimene ndinamva ndi makutu anga n'zakuti pa Gloria ndi Credo mawu ambiri amatchulidwa pamodzi, moti ngakhale wosadziwa Chilatini amatha kutsatira. Apa ndinakumbukira Ulemu wathu uja, amene akhristu a kumbuyo amati amangomvamo ng'oma basi.

Za opeka nyimbo ena, Josquin des Prez ndi Victoria wa ku Spain, tinangodutsamo, nthawi inatithera.

Amene anandikhudza mtima ndi William Byrd wa ku England. Anapeka Misa zitatu, ya mawu atatu, anayi ndi asanu, m'zaka za m'ma 1590, pamene Misa ya Chikatolika inali yoletsedwa m'dzikolo. Akatolika ankaziimba mobisa m'nyumba za anthu, oimba ochepa chabe. Nanga ife tikamati sitingaimbe chifukwa abambo ndi ochepa?

Pempho langa ndi ili: tiyambe ndi Kyrie wa Byrd wa mawu atatu, poti ndi wamfupi kwambiri, ndipo tipemphe Bambo Mfumu atilole kumuimba pa Lenti. Manotsi ndabwera nawo, akufunika kuchita fotokope. Ndalama yotsala ya ulendo ndaipereka kwa a Msungichuma pamodzi ndi malisiti.