Mabanki azichenjeza asanasinthe mafayilo a sitetimenti, nafenso tiziyamba tayesa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene siimveka kawirikawiri, koma imakhudza kampani, sukulu, mpingo kapena bungwe lililonse losunga mabuku a ndalama pa kompyuta. Ndine wowerengera ndalama, ndipo mwezi uliwonse ndimafananitsa zimene zili m'mabuku ndi zimene banki ikunena kuti zalowa ndi kutuluka mu akaunti. Kale ntchitoyi inkagwiridwa ndi pepala la sitetimenti ndi cholembera, mzere ndi mzere. Lero ambiri timalowa pa intaneti, kutenga fayilo ya sitetimenti ndi kuilowetsa m'pulogalamu monga Sage, QuickBooks kapena Xero, ndipo pulogalamuyo imadziwerengera yokha deti, ndalama ndi dzina la wolipira. Zimenezi zatipeputsira ntchito, koma zimayenda bwino pokhapokha fayilo ya mwezi uno itayalidwa chimodzimodzi ndi ya mwezi watha. Banki ikasintha kayalidweko mwakachetechete, ife n'kuilowetsa osayesa, mabuku amasokonekera.

Ena amaganiza kuti fayilo ikasintha, pulogalamu imangoikana. Zikanakhala choncho sindikanadandaula, pakuti fayilo yokanidwa imaonekera pomwepo ndipo munthu amayamba kufufuza. Imene ndimaiopa ndi fayilo yoti pulogalamu yailandira bwinobwino koma yaiwerenga molakwika. Titenge deti. Kuno kwathu 03/04/2025 ndi pa 3 Epulo, koma pulogalamu yotcheredwa kalembedwe ka ku America imawerenga kuti ndi pa 4 Malichi. Madeti kuyambira pa 13 kupita m'tsogolo amakanidwa chifukwa kulibe mwezi wa 13, koma a pa 1 mpaka pa 12 amadutsa popanda chenjezo lililonse, ndipo ndalama zina za Epulo zimakagwera m'mwezi umene mabuku ake anatsekedwa kale. Kwa kampani yopereka mafomu a msonkho wa VAT ku MRA mwezi ndi mwezi, chinthu chotere chikhoza kudzetsa mafunso ovuta kuyankha.

Ndalama nazonso zili ndi msampha wake. Fayilo ya CSV, imene mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amagwiritsa ntchito, imalekanitsa madanga ake ndi chizindikiro cha koma (,). Banki ikayamba kulemba K1,250,000.00 ndi makoma mkati, osaitsekera m'zizindikiro zoyenera, pulogalamu imaona madanga atatu m'malo mwa limodzi, ndipo ndalama yoposa miliyoni ikhoza kulowa m'mabuku ngati kwacha imodzi. Kwina banki imene inkaika zolowa ndi zotuluka m'madanga awiri imaziphatikiza m'danga limodzi, zotuluka n'kuziika chizindikiro chochotsera. Kapena imawonjezera danga latsopano pakati, ndipo pulogalamu imayamba kutenga ndalama yotsala mu akaunti ngati ndiyo yalipiridwa. Pano ndiyenera kunenanso za chizolowezi chathu ife owerengera ndalama chotsegula fayilo mu Excel kuti tiikonze pamanja. Excel amachotsa ziro wakutsogolo, motero nambala ya foni ya Airtel Money kapena TNM Mpamba yoyamba ndi 099 kapena 088 imasintha, ndipo nambala ikapitirira manambala 15, otsirizawo amasanduka maziro. Fayilo yotere ikasungidwa, nambala yozindikiritsa malipiro yawonongeka, ndipo wolakwa si banki ayi.

Nambala yozindikiritsa malipiroyi ndi imene imandidetsa nkhawa kwambiri. Pulogalamu imaidalira pa ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kulumikiza ndalama yolowa ndi invoisi ya kasitomala. Banki ikafupikitsa mawu ofotokoza malipiro, kapena kuika mawu ena patsogolo pake, malamulo onse amene tinatchera kuti pulogalamu izizindikira makasitomala amaleka kugwira ntchito, ndipo munthu amene analipira kalekale amayamba kulandira makalata omukumbutsa ngongole. Ulemu wa bizinesi umatha ndi zoterezi. Ntchito yachiwiri ndi kuletsa mzere umodzi kulowa kawiri. M'mafayilo a sitetimenti a mtundu wina wotchedwa OFX, mzere uliwonse uli ndi nambala yakeyake yotchedwa FITID, ndipo pulogalamu ikaona nambala imene inailandirapo kale imaidumpha. Banki ikasamukira ku makina atsopano n'kuyamba kupereka manambala ena pa malipiro omwe aja, ndalama za sabata yonse zikhoza kulowa kawiri, mabuku n'kumaonetsa chuma chimene kulibe.

Ndalemba panopa chifukwa kusintha kwa mtundu umenewu kukuchuluka pa dziko lonse. Kwa zaka zambiri makampani akuluakulu akhala akulandira sitetimenti mu kalembedwe kotchedwa MT940 ka SWIFT (bungwe lotumiza mauthenga pakati pa mabanki a m'maiko osiyanasiyana), mmene deti limalembedwa ndi manambala asanu ndi limodzi kuyambira chaka, ndalama imalembedwa ndi koma pamalo pa dontho, ndipo danga la 86 lofotokoza malipiro limalola mizere isanu ndi umodzi yokha ya zilembo 65. Tsopano mabanki akusamukira ku ndondomeko yatsopano yolembera mauthenga a ndalama yotchedwa ISO 20022. SWIFT inayamba kusamutsa mauthenga a malipiro opita kunja mu Malichi 2023, ndipo nthawi yogwiritsa ntchito kalembedwe kakale ndi katsopano pamodzi pa mauthenga amenewa inatha mu Novembala 2025. Sitetimenti ya mu ndondomeko yatsopanoyi imatchedwa camt.053, imalembedwa mu kalembedwe ka makompyuta kotchedwa XML, ndipo imanyamula zambiri zokhudza wolipira kuposa MT940. Ichi n'chinthu chabwino ndipo ndikuchilandira ndi manja awiri. Koma banki ikasintha makina ake a mkati, ngakhale fayilo wamba ya CSV imene mwini golosale amatenga pa intaneti ikhoza kusintha nayo, ndipo iyeyo alibe katswiri wa makompyuta womuyang'anira.

Kwa anzanga owerengera ndalama ndi eni mabizinesi, pempho langa ndi lakuti fayilo yatsopano tisamailowetse m'mabuku enieni tisanaiyese. Madzi a mumtsinje wachilendo amayamba ayesedwa ndi ndodo munthu asanawoloke. Pulogalamu zambiri zimalola kupanga kope la mabuku a kampani, ndipo m'kope limeneli ndi mmene fayilo yokayikitsa iyenera kuyamba kulowa. Tisunge mafayilo akale a miyezi ingapo amene tikudziwa kuti anawerengedwa molondola, kuti pulogalamu ikasinthidwa kapena banki ikasintha, tiziwalowetsanso ndi kuona ngati zotsatira zikufanana ndi zakale. Fayilo yoyesera isakhale ya mizere yosavuta yokhayokha. Mukhale malipiro obwezeretsedwa, ndalama yodulidwa ndi banki, ndalama yochokera kunja, dzina lokhala ndi chizindikiro monga la Ng'oma kapena M'bwana, malipiro awiri ofanana a tsiku limodzi, ndiponso tsiku lopanda malipiro alionse. Kenako fayilo yomweyo ilowetsedwe kachiwiri mwadala, kuti tione ngati pulogalamu ikuikana.

Koposa zonse, pali chiwerengero chimodzi chimene sichiyenera kudumphidwa ngakhale pa tsiku lotanganidwa la kumapeto kwa mwezi. Ndalama imene inalipo poyamba, kuphatikiza zolowa, kuchotsapo zotuluka, iyenera kufanana ndi yotsala imene banki yalemba, mpaka tambala. Kuwonjezera apo, chiwerengero cha mizere ya m'fayilo chifanane ndi cha mizere yolowa m'mabuku. Ndikudziwa kuti ena adzati nthawi yochitira zimenezi palibe. Koma kuyesaku ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri, pamene kufunafuna cholakwa cha miyezi itatu yapitayo, maodita atakhala pafupi kudikira, kumadya masiku. Dziwaninso kuti chiwerengerochi sichigwira deti lotembenuka kapena ndalama yolumikizidwa kwa kasitomala wolakwika, choncho mizere ingapo iyenera kuonedwa ndi maso poyerekeza ndi sitetimenti ya PDF.

Komabe mtolo wonse usagwere kasitomala. Mabanki amatitumizira uthenga wa pa foni akafuna kuzimitsa makina awo usiku kuti awakonze, ndipo timayamikira. Chimene chimasowa ndi uthenga wonena kuti kuyambira tsiku lakuti fayilo ya sitetimenti idzasintha mwakuti. Kwa amene amakonza tsamba la banki, kusuntha danga limodzi kumaoneka ngati kukongoletsa chabe, pamene kwa ife fayiloyo ndi chida chogwirira ntchito chimene makina ena amadalira. Ndikupempha kuti banki iliyonse izichenjeza makasitomala a bizinesi kutatsala masiku osachepera 60, izipereka fayilo yachitsanzo ndi pepala lofotokoza danga lililonse, ndiponso izisiya kalembedwe kakale kakupezekabe kwa miyezi ingapo pambali pa katsopano, kuti amene pulogalamu yake ikufuna kukonzedwa apeze mpata. Ogwira ntchito olandira mafoni a makasitomala nawonso azidziwitsidwa, kuti wofunsa asamauzidwe kuti palibe chasintha pamene fayilo ili pamaso pake ikuonetsa zina.

Bungwe la Bankers Association of Malawi lingathe kugwirizanitsa mabanki pa kalembedwe kamodzi ka CSV, makamaka pa deti ndi pa ndalama, ndipo Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira njira zolipirira m'dziko muno, ingathe kuika chenjezo lotere pakati pa zimene banki iyenera kuchitira kasitomala. Bungwe la owerengera ndalama la ICAM nalo ndikulipempha kuti nkhani ya kuyesa mafayilo ilowe m'maphunziro amene limakonzera mamembala ake chaka ndi chaka, ndipo maodita azifunsa kampani iliyonse kuti fayilo ya kubanki imayesedwa motani isanalowe m'mabuku, ndiponso amene amasainira kuti yayesedwa ndani.

Wowerengera ndalama,
Limbe