Dzina la Robert Lawrence lisasowe pa nkhani za mumlengalenga

Akonzi,

Tikupempha danga m'nyuzipepala yathuyi kuti tinenepo za munthu amene dzina lake silimveka kawirikawiri pakakambidwa za oyenda mumlengalenga. Ameneyu ndi Robert Henry Lawrence, munthu wakuda woyamba kusankhidwa pa ntchitoyi ku America, ngakhale kuti anamwalira asanapiteko kumwambako.

Lawrence anabadwira ku Chicago mu 1935. Anaphunzira chemistry mpaka kutenga digiri yapamwamba ya PhD pa Ohio State University mu 1965, uku ali msilikali woyendetsa ndege zankhondo. Maola amene anauluka anapitirira 2,500. Mu Juni 1967 anasankhidwa kulowa mu Manned Orbiting Laboratory, pologalamu ya asilikali yomwe cholinga chake chinali kutumiza anthu awiri kukakhala m'chombo pafupifupi mwezi wathunthu, akujambula mwachinsinsi zochitika m'maiko ena.

Anthu ambiri sadziwa kuti ntchito yaikulu ya munthu wotere imagwiridwa asanachoke pa dziko. Chombo chamapiko chikamabwerera sichidalira injini, chimangotsika ngati mwala, ndipo chikaphonya potera palibe zokwereranso n'kudzayesa kachiwiri. Pofuna kuzolowera zimenezi ankagwiritsa ntchito ndege ya F-104, yomwe mapiko ake sakwana mamita 7 kuchokera nsonga ina kufika ina. Woyendetsa amachepetsa mphamvu ya injini, n'kulozetsa mutu wa ndege pansi motsetsereka kwambiri. Akayandikira bwalo amadzutsa mutuwo kuti liwiro lotsikira lichepe, matayala akhudze bwinobwino. Nkhani yonse yagona pa masekondi ochepa amenewa. Akafulumira kudzutsa, liwiro limatha ndege ikadali m'mwamba ndipo mapiko ang'onoang'onowo amalephera kuinyamula. Akachedwa, imamenyetseka pansi.

Pa 8 Disembala 1967, pa bwalo la Edwards ku California, Lawrence anakhala kumbuyo ngati mlangizi, mnzake akuyendetsa kutsogolo. Kudzutsa kunachedwa, ndege inagunda pansi mwamphamvu n'kuyamba kukhwekhwereka. Onse awiri anatuluka ndi mipando yodziponya, yomwe imaponya munthu kunja ndege ikachita ngozi. Koma mpando wakumbuyo anaukonza kuti uzichedwerako pang'ono, kuopa kuti ungawombane ndi wakutsogolo. M'kanthawi kameneko ndege inali itapendekeka, moti Lawrence anaponyedwa cham'mbali osati m'mwamba. Mnzakeyo anapulumuka atavulala kwambiri, iye anafera pomwepo ali ndi zaka 32.

Chomwe chimatiwawa n'chakuti pologalamuyo itathetsedwa mu 1969, anzake 7 omwe anali achicheperepo anasamutsidwira ku NASA, bungwe la boma la America loona za mumlengalenga, ndipo onse anadzauluka mu Space Shuttle, chombo chomwe chinkatera ndi luso lomwelo limene iye anafera akuphunzitsa. Potengera msinkhu, nayenso akanakwanira m'gululo. M'malo mwake zinatenga mpaka 1983 kuti Guion Bluford akhale wakuda woyamba wa ku America kufika mumlengalenga.

Ngakhale kumulemekeza kunavuta. Asilikali ankati sanafikepo pa mtunda wa makilomita 80 m'mwamba, choncho sangatchedwe woyenda mumlengalenga. Ife tikuti muyeso umenewo unali wolakwika, chifukwa munthuyu anasankhidwa ndipo anafera pa ntchito yomweyo. Dzina lake linadzalembedwa pa Space Mirror, chipilala chokumbukira oyenda mumlengalenga amene anafera pa ntchito, ku Kennedy Space Center ku Florida pa 8 Disembala 1997, patatha zaka 30 zathunthu, ndipo chombo cha Cygnus chomwe mu Febuluwale 2020 chinanyamula katundu kupita ku International Space Station, malo ochitira kafukufuku mumlengalenga, chinatchedwa dzina lake.

Chonde akonzi, mukamadzalembera ana asukulu za akuda amene anatsegula njira pa sayansi imeneyi, mudzamuikemo Lawrence.

Ndife owerenga anu,
Zomba